Ndevu zosaitanidwa: mbiri ya nkhondo ya pa chibwano

Kwathu tikamati "mwana uja wamera ndevu" ndiye kuti tikunena zabwino. Amalume amayamba kumupatsa mpando pabwalo, ndipo amayi amaleka kumutuma kukagula mchere. Ine ndevu zanga zoyamba ndinkaziwerenga pa kagalasi kosweka ka mayi anga, zinalipo zisanu ndi ziwiri. Anzanga anandinamiza kuti ukamameta pafupipafupi zimachuluka, ndiye ndinameta mpaka kudzitema. Sindinadziwe kuti pa desiki lomwelo la Fomu 2 panali munthu wina amene ankawerenganso zake usiku, koma iye ankawerenga akulira.

Mnzangayo sinditchula dzina lake, ndipo pomaliza nkhaniyi mumvetsa chifukwa chake. Kusukulu tinkamudziwa ngati mnyamata. Lero ndi mayi, amakhala ku Johannesburg ndipo amaluka tsitsi mu saluni. Anthu otere pa Chingerezi amawatchula kuti transgender: munthu amene pobadwa azamba anati "mwamuna", koma iye mwini kuyambira ali wamng'ono amadzidziwa kuti ndi mkazi. Mwayi wake, Chichewa chathu mawu akuti "iye" sasankha mwamuna kapena mkazi, choncho ndilemba osapunthwa.

Nditapita ku Joni kukasaka ganyu wa zolembalemba, ndinagona kwa iye masabata awiri. Ndinaona kuti 4 koloko m'mawa ali kale kubafa ndi lezala. Cha m'ma 2 koloko masana amazemba kuntchito kukametanso. Usiku amakhala pa bedi ndi kagalasi, kuzula limodzilimodzi ndi kachitsulo kopanira mpaka misozi mbwee. Tsiku lina ndinaseleula.

"Asisi, malezalawa akumalizani ndalama. Bwanji osangozisiya tsiku limodzi?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Achimwene, inu mukameta ndiye kuti mwachotsa ndevu basi. Ine ndikameta ndiye kuti ndagula maola angapo oti ndikwere minibasi popanda munthu wondiyang'ana kawiri. Diresi ndimasankha ndekha, dzina ndinasankha ndekha, koma izizi zimamera ndili mtulo."

Ndinachita manyazi. Manyaziwo ndi amene anandituma kukafufuza kumene nkhondoyi inayambira, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Lumo ndi lakale

Poyamba tivomerezane kuti kuchotsa tsitsi pathupi sikunabwere ndi sitima. Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri, anasimba kuti ansembe a ku Egypt ankameta thupi lonse pafupipafupi kuopa kuti nsabwe zingawapeze akutumikira milungu yawo. Ku Egypt komweko ndevu zinali chizindikiro cha ufumu, kotero kuti Hatshepsut, mayi amene analamulira dzikolo, pa ziboliboli zake zambiri amaoneka atavala ndevu zochita kupanga. Ku Turkey, m'nyumba zosambira, amayi ankadzola phala lotchedwa rusma, losakaniza laimu ndi mwala wokhala ndi poizoni wa arsenic. Ukalichedwetsa pang'ono pakhungu, linkachotsa tsitsi ndi khungu lomwe.

Ifenso lumo timalidziwa. Maliro sanathe ngati anamfedwa sanamete. Anankungwi ali ndi mwambo wawo wa lumo umene sindingaulule pa nyuzipepala. Ndipo ndani wa ife alibe azakhali amene ankakhala pakhonde masana n'kumazula titsitsi tiwiri titatu pachibwano? Tsitsi silinakhalepo tsitsi chabe. Limanena kuti uyu ndi wamkulu, uyu waferedwa, uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Vuto limayamba pamene likunena za iwe zimene iwe ukudziwa kuti n'zabodza.

Njira zonse zakalezi zinali ndi chilema chimodzi: zinali ngati kulambula udzu n'kusiya mizu. Mvula ikangogwa, udzu uja uwu.

Singano ya dokotala wa maso

Munthu amene anapeza njira yophera muzu sankaganiza za ndevu m'pang'ono pomwe. Anali Charles Michel, dokotala wa maso mu mzinda wa St. Louis ku America. Odwala ake ena anali ndi tsitsi la m'zikope lopindikira m'kati, lokanda diso mpaka munthu kuchita khungu, vuto limene kuno talidziwa chifukwa cha matenda a trachoma. Akalizula, linkameranso. Tsono iye analumikiza singano yopyapyala ku batire, n'kuilowetsa m'kadzenje momwe tsitsi limamera, n'kutsegula magetsi ochepa. Tsitsilo linatuluka losavuta ndipo silinamerenso. Analemba za ntchitoyi mu 1875.

Zimachitika bwanji? M'thupi mwathu muli madzi ndi mchere. Magetsi akadutsamo, pansonga pa singano pamapangika soda woyabwa, mbale wake wa chidulo chimene amayi amafewetsera therere, ndipo kadontho kameneko kamadya muzu wa tsitsi. Njira imeneyi ndi imene imatchedwa electrolysis. William Hardaway, dokotala wa khungu wa mu mzinda womwewo, anaona kuti chimene chathandiza zikope chingathandizenso amayi omera ndevu, ndipo anayamba kuwalandira.

Mu 1924 Henri Bordier wa ku Lyon, m'dziko la France, anabweretsa magetsi a mtundu wina amene amawotcha muzu ndi kutentha, ndipo ntchito inayamba kufulumirako. M'zaka za m'ma 1940 Arthur Hinkel ndi Henri St. Pierre ku America anaphatikiza njira ziwirizi mu makina amodzi. Komabe lamulo lake silinasinthe mpaka lero: singano imodzi, tsitsi limodzi. Ndevu za munthu wamkulu zili m'masauzande, ndipo sizimera nthawi imodzi, zina zimakhala zikugona pansi pa khungu kudikira nthawi yawo. N'chifukwa chake kumaliza nkhope yonse kawirikawiri kumadya maola oposa 100, omwazikana pa chaka chimodzi, ziwiri, ngakhale kupitirira. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kumeneku n'kolipira pa ola, ndipo kumapweteka, makamaka pansi pa mphuno.

Njira zachidule zimene zinapha anthu

Pamene pali anthu othedwa nzeru, a malonda sachedwa kufika. Mu 1895 Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray. Chaka chotsatira, Leopold Freund wa ku Vienna anaunika nayo kamtsikana kamene kanabadwa ndi chibadwa chaubweya kumsana, ndipo ubweyawo unathothoka. Mbiri inawanda: palibe singano, palibe ululu, ungokhala pampando mphindi zochepa.

M'zaka za m'ma 1920 dokotala wina wa ku New York, Albert Geyser, amene iye mwini anataya zala chifukwa cha X-ray yomweyo, anayamba kubwereketsa makina otchedwa Tricho System ku masaluni m'mizinda yambiri ya ku America. Oyendetsa makinawo sanali madokotala. Amayi anakhamukirako, ambiri mobisa, osauza ngakhale amuna awo. Ndevu zinachokadi. Koma patapita zaka, khungu linayamba kukwinyika, kenako zilonda zosapola, kenako khansa. Ena anadulidwa nsagwada, ena anafa, zaka 20 kapena kuposerapo chichokere pa mpando uja.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kunabwera mafuta odzola otchedwa Koremlu. M'kati mwake munali thallium, poizoni wophera makoswe. Amayi ena anathothoka tsitsi la kumutu, ena anafa miyendo, ena maso anawonongeka. Nkhani ngati zimenezi ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti mu 1938 dziko la America likhazikitse lamulo loyang'anira zodzoladzola.

Inu awerengi, musafulumire kunena kuti amayiwa anali opusa. Mu 1915 kampani ya Gillette inali itatulutsa kale lezala woyamba wa amayi, ndipo magazini anali atayamba kuphunzitsa kuti mkazi weniweni alibe cheya m'khwapa. Munthu akauzidwa tsiku ndi tsiku kuti nkhope yake ndi yochititsa manyazi, amamwa chilichonse chimene wapatsidwa. Ndife omwe tikuona alongo athu akusupuka nkhope ndi mafuta oyeretsa khungu ogula pamsika.

Nyumba ya ku Berlin

Amayi a transgender analowa m'mbiri imeneyi pa khomo lomwelo la X-ray. Mu 1919 dokotala Magnus Hirschfeld anatsegula ku Berlin nyumba yofufuzira ndi kuthandizira anthu pa nkhani za umuna ndi ukazi. Kumeneko kunkabwera anthu ngati mnzanga uja, ena ochokera m'mayiko akutali. Hirschfeld ankawalembera makalata opita nawo kupolisi kuti alandire chiphaso chowalola kuvala zachikazi mumsewu osamangidwa. Ena anawalemba ntchito panyumbapo, monga Dora Richter, amene mu 1931 anakhala mmodzi mwa anthu oyamba kuchitidwa opaleshoni yosintha ziwalo. Ndipo popeza chiphaso sichibisa chibwano, madokotala a panyumbapo ankachotsanso ndevu ndi X-ray, ngakhale kuti ena ankapsa nayo khungu.

Pa 6 May 1933 achinyamata otsatira Hitler anathyola nyumbayo, ndipo pa 10 May mabuku ndi zolemba zake zinatenthedwa pabwalo anthu akuonerera. Nzeru za zaka 14 zinasanduka phulusa usiku umodzi.

Nkhaniyi inadzabukanso mu December 1952, pamene nyuzipepala za ku New York zinalengeza za Christine Jorgensen, amene kale anali msilikali wa America ndipo anakalandira mahomoni ndi opaleshoni ku Denmark. Dziko lonse linkakamba za mpeni wa dokotala. Koma Harry Benjamin, dokotala amene anathandiza anthu otere mazanamazana ndi kulemba buku la The Transsexual Phenomenon mu 1966, ankadziwa kuti opaleshoni ndi ya tsiku limodzi ndipo imabisika ndi zovala, pamene nkhope ili pamtunda tsiku lililonse. Odwala ake ankawatumiza ku singano ya Michel.

Mwina mufunsa, nanga mahomoniwo sagwira ntchito? Amagwira, koma ali ndi malire. Mwana aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, ali ndi timadzenje ta tsitsi pachibwano, totulutsa cheya chofewa chosaoneka. Pa nthawi ya kutha msinkhu, homoni ya testosterone imasandutsa cheya chimenechi kukhala tsitsi lokhuthala, lakuda, la mizu yozama. Munthu akayamba kumwa estrogen ndi mankhwala ofooketsa testosterone, cheya cha pachifuwa, pamsana ndi pamiyendo chimapepuka pang'onopang'ono. Koma ndevu zikakhazikika sizibwerera m'mbuyo. Mwina zimachedwako kumera, basi. Chimodzimodzi mawu: akangolemera, estrogen sawapepukitsa.

Kusautsika kumene munthu amamva pamene thupi lake likutsutsana ndi chimene iye ali, madokotala amakutchula kuti gender dysphoria, mawu amene anafala kuchokera m'zaka za m'ma 1970. Mnzanga uja anandifotokozera m'Chichewa chomveka: "Zili ngati m'mawa uliwonse ukadzuka upeza munthu wakulemba dzina la eniake pamphumi. Ufufute, mawa walembanso." Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachotsa nkhani ya anthu a transgender pa mndandanda wa matenda a maganizo. Mu 2022 bungwe la WPATH, limene limalemba malangizo a madokotala pa chisamaliro cha anthu amenewa, linanena kuti odwala azitumizidwa kochotsa tsitsi la kunkhope ndi la pathupi monga mbali ya chithandizo. Zimene ambiri amaziyesa kudzikongoletsa, madokotalawa amaziika m'gulu la mankhwala.

Laser ndi khungu lathu

Musasokoneze laser ndi lezala, ngakhale mayinawo akumveka ngati a pachibale. Mu 1983 Rox Anderson ndi John Parrish a ku Boston anafotokoza mmene kuwala kwamphamvu kungawotchere chinthu chimodzi m'khungu n'kusiya zoyandikana nazo. Kuwalako kumatsata utoto wakuda wotchedwa melanin umene uli m'tsitsi, n'kutenthetsa muzu wake. Mu 1995 boma la America linavomereza makina oyamba a laser ochotsera tsitsi. Malo amene singano inkatha miyezi, laser inkadutsapo mphindi zochepa.

Koma apa pali mbuna imene ikutikhudza ife. Melanin yemweyo ndi amene amatipatsa khungu lakuda. Makina oyambawo ankagwira bwino pa munthu wa khungu loyera ndi tsitsi lakuda. Pa ife sankasiyanitsa ndevu ndi tsaya, ankangowotcha zonse. Pambuyo pake kunabwera mtundu watsopano wa laser ya Nd:YAG imene kuwala kwake kumapitirira khungu la pamwamba, ndipo imeneyi ndiyo yoyenera khungu lakuda. Si malo onse amene ali nayo, ndipo si onse oyendetsa makina amene amasamala. Mnzanga uja ali ndi zipsera ziwiri pakhosi zochokera pa malo ena otsika mtengo amene anamulonjeza kuti makina awo ndi a aliyense. Komanso laser siiona imvi, ndipo kawirikawiri imachepetsa tsitsi osati kulimaliza. Zotsalazo zimabwerera ku singano ya 1875 ija.

Lezalanso ali ndi mlandu wake kwa ife. Tsitsi lathu ndi lopotana, ndiye likametedwa kwambiri limapindika n'kulasa khungu, n'kutulutsa timatuza tija abambo ambiri amadandaula nato. Bambo angathe kupumitsa nkhope sabata imodzi kuti ipole. Munthu wometa kawiri patsiku alibe tchuthi chotero.

Mankhwala a kaodzera

Gawo lina la mbiriyi linandiimitsa mutu. Pali mankhwala otchedwa eflornithine, amene poyamba ankayesedwa pa khansa. Kenako anapezeka kuti amachiza kaodzera, matenda obwera ndi kashembe, makamaka mtundu wopezeka ku Congo, Angola ndi Sudan. Anthu okomoka ankadzuka nawo. Mankhwala akale, melarsoprol, anali ndi arsenic, poizoni uja wa mu rusma, ndipo ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 alionse. Komabe mu 1995 kampani inaleka kupanga eflornithine chifukwa odwala kaodzera analibe ndalama.

Mu 2000 mankhwala omwewo anatulukira m'mashopu a ku America ali mafuta odzola otchedwa Vaniqa, ochedwetsa kumera kwa tsitsi la kunkhope kwa amayi. A bungwe la Médecins Sans Frontières anakuwa, dziko linachita manyazi, ndipo mu 2001 kampani ya Aventis inagwirizana ndi WHO kuti iyambirenso kupanga mankhwala a kaodzera. Mtundu wa kaodzera wa kuno kwathu, ku Nkhotakota ndi ku Rumphi, sumva bwino mankhwalawa, koma phunziro lake likutikhudza. Ena amaimba mlandu amayi a ndevu aja. Ine ndimati wolakwa ndi amene amaona wodwala pokhapokha akaona chikwama chake. Wodwala kaodzera ku Congo ndi mnzanga wa ku Joni onse anaima pa mzere umodzi, wa anthu amene mankhwala awo alipo koma sawafikira.

Kubwera kwathu

Boma nalo linalowererapo kale pa nkhani ya tsitsi m'dziko muno. Bambo anga amasimba za nthawi ya Kamuzu, pamene mwamuna wa tsitsi lalitali anali wolakwira lamulo, ndipo alendo ena ankametedwa pabwalo la ndege asanalowe m'dziko. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka linachotsedwa mu 1993. Lero timaseka tikamakumbukira, koma pa nthawiyo anthu ambiri ankati n'zoyenera.

Ndili ku sekondale, mu December 2009, Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anamangidwa atachita chinkhoswe ku Blantyre. Mu May 2010 khoti linawalamula kukakhala kundende zaka 14, ndipo patangopita masiku ochepa Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon. Nyuzipepala za kuno ndi za kunja zinkalemba kuti "amuna awiri", pamene Tiwonge mwini ankanena kuti iye ndi mkazi. Pambuyo pake anathawira ku South Africa. Ndikukumbuka mmene tinkasekera m'kalasi, ine ndili patsogolo. Ndikukumbukanso kuti mnzanga wa pa desiki uja sanaseke. Mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti ndime zimene anthu otere amamangidwa nazo zikhalebe. N'chifukwa chake dzina lake ndalisunga.

Sindinalembe izi kuti ndikuphunzitseni za Mulungu kapena za malamulo, amenewo ali ndi eni ake. Ndalemba kuti mudziwe kuti kuseri kwa mawu akuti "si mwamuna uyu?" amene timaponya m'minibasi n'kuiwala tisanatsike, kuli munthu amene anadzuka 4 koloko, ndipo kuli zaka 150 za masingano, zilonda za moto ndi poizoni wa makoswe. Palibe amene amapirira zonsezi chifukwa chofuna kutchuka.

Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza kwa mayi wina wochita electrolysis. Ankapitako kamodzi pamwezi, ndalama zikapezeka, ndipo asanapite ankayenera kusiya ndevu masiku awiri kapena atatu kuti mayiyo apeze pogwira. Masiku amenewo sankatuluka m'nyumba, buledi ndinkakagula ndine. Ndinakhala pampando wa pakona ola lathunthu, ndikumva kamakina kakulira pang'onopang'ono, iye atafinya mpango m'manja, osatulutsa mawu. Titatuluka, mlomo wa m'mwamba utatupa, anandionetsa kamalo kosalala pansi pa tsaya, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo.

"Apa, achimwene, ndi panga. Sipameranso."

Ndinamufunsa kuti kwatsala maola angati. Anaseka, nati sawerenganso. Kenako anandipatsa envelopu ya ndalama yoti ndikapatse mayi ake kumudzi, monga amachitira mwezi uliwonse akapeza wopita, ndipo anandiuza kuti akakafunsa ndikangonena kuti mwana wawo ali bwino.